Phunziro: Chigayo cha mapulogalamu chikasintha sefa

Munthu polemba pulogalamu ya kompyuta amalemba mawu oti iye ndi anzake awerenge. Kompyuta simva mawuwo. Imamva manambala awiri okha, 0 ndi 1. Chimene chimasandutsa mawu kukhala manambala chimatchedwa compiler. Chili ngati chigayo: mumathira chimanga, n'kulandira ufa.

Ufa ukatuluka, ndani angaloze kuti uwu unali njere iti? Vuto la olemba mapulogalamu ndi lomweli. Pulogalamu ikaima mwadzidzidzi, mwini wake amafuna kudziwa mzere umene walakwika, koma m'manja mwake muli manambala okhaokha.

N'chifukwa chake compiler imatha kusiya kalozera. Mukaiuza ndi chizindikiro cha -g, imalemba pambali kuti manambala awa achokera pa mzere wakuti, ndipo malo awa akusunga chinthu cha dzina lakuti. Chida chofufuzira zolakwika, monga GDB, chimawerenga kalozerayu n'kumulondolera munthu pamene pavuta.

Kalozera ali ndi kalembedwe kake. Pa makompyuta a Linux kofala ndi DWARF, ndipo kakhala kakukonzedwa. DWARF 4 inatuluka mu 2010, DWARF 5 mu 2017. Yatsopanoyi imalongedza nkhani zomwezo m'malo ochepa.

Tsopano taganizirani za kuchigayo kuja. Mukapanda kunena kanthu, wogayitsa amagaya ndi sefa imene ili kale m'makina. Compiler nayo ili ndi chimene imachita ikapanda kuuzidwa. Compiler yotchuka ya GCC inkalemba DWARF 4 kuyambira mu 2013. Mu 2021, itatuluka GCC 11, inayamba kulemba DWARF 5. Inzake ya Clang inatsatira mu 2022.

Onani kuti padapita zaka 4 GCC isanasinthe. Ine ndikuona kuti kudikiraku kunali koyenera. Kusintha kotere kumagwera aliyense amene sananene kanthu, ndipo anthu otere ndiwo ambiri. Ngati chida chanu chofufuzira ndi chakale, sichidziwa kalembedwe katsopano. Pulogalamu imayendabe bwinobwino, chifukwa kalozera sakhudza ntchito yake. Koma tsiku limene idzavute, chidacho chidzalephera kukuonetsani mzere wolakwika.

Zikatere pali njira ziwiri. Mungapeze chida chofufuzira chatsopano, kapena kuuza compiler kuti ibwezere sefa yakale polemba -gdwarf-4.