MWANA WOVUTIKA KUWERENGA: KAMTHANDIZIDWE KAKE

Ambiri a inu awerengi athu muli ndi ana kapena adzukulu amene akhala kwa abale ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo kapena ku Mgona, ndipo mumakhulupirira kuti popeza mwana ali pa sukulu ya m'tauni, kuwerenga adziwa msanga. Si nthawi zonse zitero. M'chaka cha 1994, pamene Boma linathetsa fizi m'sukulu za pulayimale, ana anachuluka kuchokera pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo m'makomboni a mu Lilongwe kalasi imodzi ya Sitandade 1 imatha kukhala ndi ana opitirira 100, pamene Unduna wa Zamaphunziro umafuna ana 60 kwa mphunzitsi mmodzi.

Tsono taonani chimene chichitika m'kalasi yotere. Mphunzitsi aloza mawu pa bolodi, ana onse nafuula pamodzi. Mwana amene sanazindikire malembo angotsata mawu a anzake, naloweza tsamba lonse pamtima. Pofika kunyumba anena bwinobwino zonse za pa tsambalo, makolo nakondwera, chikhalirecho sawerenga. Pamene anthu a zamaphunziro anayesa ana mmodzimmodzi m'dziko muno m'chaka cha 2010, anapeza kuti ana oposa 7 mwa 10 alionse a Sitandade 2 sanathe kuwerenga ngakhale liwu limodzi la kankhani kakafupi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene Boma linayambitsira ndondomeko yatsopano yophunzitsira kuwerenga m'makalasi oyamba m'chaka cha 2016.

Kumuyesa mwana sikuvuta. Tsekani buku lake, mulembe pansi ndi kamtengo phatikizo limodzi, monga "wa" kapena "mu", nimumfunse kuti ndi chiyani. Akayang'ana nkhope yanu m'malo moyang'ana malembo, dziwani kuti akusowa chithandizo. Musamkalipire, ndipo musalole akulu ake kumutcha mbuli, pakuti mwana wochita mantha amangokhala chete, ndipo inu simudziwa pamene panamuvuta.

Musanayambe kumphunzitsa, yambani mwaona thupi lake. Mwana wotsinzinira poyang'ana patali, kapena woyandikitsa buku kumaso, mwina saona za pa bolodi. Wina amatuluka mafinya m'khutu, ndipo samva kusiyana kwa "pa" ndi "pha". Otere pitani nawo ku chipatala chaching'ono cha ku Kawale kapena cha ku Area 25, ndipo ngati nkofunika adzakutumizani ku Kamuzu Central. Mwananso wopita ku sukulu m'mimba muli pululu sagwira kanthu. Kaphala kam'mawa musakapeputse.

Chichewa chili ndi mwayi uwu, kuti liwu lililonse limalembedwa monga limvekera. Mwana akadziwa a, e, i, o, u, nadziwa kuphatikiza malembo amenewa ndi anzake, njira yatseguka. Maina a malo amene mwana akhala ndiwo phunziro labwino, chifukwa amawaona pa zikwangwani masiku onse. Yambani ndi Biwi: bi, wi. Pambuyo pake Kawale: ka, wa, le. Dulani katoni, mulembe phatikizo limodzi pa kachidutswa kalikonse, mwana azisuntha yekha. Kuchokera mu Kawale adzapeza "kale" ndi "leka", ndipo tsiku limene adzatulukira yekha liwu lotere mudzaona nkhope yake kuwala.

Mgona ndi Chinsapo musafulumire nawo. Mu Mgona lembo la m liima palokha, ndipo mu Chinsapo muli "chi" ndi "nsa", malembo atatuatatu. Apa ndi pamene ana ambiri amagwa, ngakhale amene anayamba bwino. Atengeni pang'onopang'ono: sa, kenaka nsa, ka, kha, kenaka nkha. Kakoma ka m'mwamba ka mu "ng'oma" muwasonyezenso, popeza kakachoka liwulo lisanduka "ngoma", nyama ya m'tchire ija. Mphindi 15 tsiku lililonse dzuwa lisanalowe ziposa maola awiri a Loweruka lokha. Ngati inu mayi kapena bambo simudziwa kuwerenga, mchemwali wake wa Sitandade 6 angathe ntchitoyi, inu mutakhala pomwepo kuti asamunyoze.

Za kulemba, yambani pa mchenga ndi chala, malembo akuluakulu, kope ndi pensulo zibwere pambuyo. Kusokoneza b ndi d ndi chinthu cha ana ambiri oyamba kumene, ndipo kumatha kokha. Mwana wamanzere msiyeni alembe ndi dzanja lakelo. Mwambo wakale womenya dzanja lamanzere sunathandizepo mwana aliyense.

Komabe alipo ana ena ochangamuka pa zonse, odziwa kuwerengera chenji pa msika ndi kufotokoza nthano, amene malembo awakanika ngakhale mwalimbikira miyezi yambiri. Vuto limeneli pa Chingerezi alitcha dyslexia. Si ulesi, si kulodzedwa ayi, ndipo mwana wotere amaphunzira ndithu akaphunzitsidwa mobwerezabwereza ndi modekha. Ku koleji ya Montfort, ku Nguludi m'boma la Chiradzulu, amasula aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira, ndipo aphunzitsi otere amapezeka pa sukulu zina za mu Lilongwe.

Kwa inu aphunzitsi tipempha chinthu chimodzi: sabata iliyonse itanani ana asanu okha, aliyense awerenge payekha mawu amene sanawaonepo, ndipo ovutikawo muwakhazike kutsogolo. Inu makolo musadikire kutsekera kwa sukulu. Pitani kwa aphunzitsi akulu teremu ikadali pakati, mutanyamula kope la mwana, nimunene mwachindunji kuti, "Mwanayu a, e, i, o, u akudziwa, koma pa nsa ndi nkha ndi pamene waima."