Gemu Ikamazimitsa Kompyuta, Musathamangire Kufomata

Anzanga, ambiri a ife tilibe kompyuta yathuyathu. Timadalira laputopu ya achimwene, ya amalume, kapena ya mnzathu amene kwawo zinthu zikuyendako. Ndiye mukudziwa kale kuti chinthu cha eni ukachiwononga, mlandu wake sutha lero. Ine zinandionekera, n'chifukwa chake ndati ndikugawireniko zimene ndinaphunzira.

Linali Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Achimwene anga, amene ali chaka chomaliza kukoleji, anafika kunyumba n'kupitirira kumudzi kumaliro. Laputopu anaisiya m'chikwama, ndipo potsanzika anati, "Iwe, mmenemo muli lipoti langa la chaka chonse. Usayerekeze." Ine ndinayerekeza. Mnzanga anandipatsa PES 2017 pa flash, ndinaiika, n'kugona chafufumimba pamatiresi, laputopu ili pabulangete. Patatha mphindi 20, ndili pafupi kugoletsa, sikirini inangoti bii. Nditaiyatsanso inatha mphindi 10 zokha. Kenako 5. Pamapeto pake inayamba kukana kuyaka. Mtima wanga unangoti myuu.

Ndinathamangira kumsika kwa mkulu wina amene amaika nyimbo m'mafoni. Asanaiyatse n'komwe anati, "Mfana, imeneyi ndi vairasi. Tingoifomata basi." Kufomata ndi kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano, kutanthauza kuti lipoti lija likanapita. Ndinaibweza m'chikwama, ndipo madzulo ndinalimba mtima n'kuwaimbira eni ake. Anandikalipira kaye, zomwe zinali zondiyenera. Kenako anafunsa funso limene mkulu wakumsika uja sanafunse: "Yazima bwanji? Yonse, kapena gemu yokha?"

Phunziro lonse lagona pa funso limenelo. Kompyuta siifa ngati nkhuku ya chitopa, yongopezeka m'mawa ili gwaa. Mmene yagwera ndi mmene imakuuzira chimene chikuivuta. Kagwedwe kake kalipo ka mitundu itatu.

1. Ikazima yonse mwadzidzidzi

Palibe uthenga, palibe chenjezo, yangoti zii ngati wina wazula waya. Apa ganizirani zinthu ziwiri: kutentha ndi magetsi.

M'kati mwa kompyuta muli purosesa, kachipangizo kamene kamachita masamu onse. Polemba kalata kamagwira ntchito pang'ono, koma pa gemu kamagwira ndi mphamvu zake zonse, choncho kamatentha kwambiri. Mapurosesa ambiri a m'malaputopu malire awo ndi pafupifupi madigiri 100, pomwe madzi amawira. Ikayandikira pamenepo, purosesa imayamba yadzichepetsa liwiro, n'chifukwa chake gemu imayamba kudukizadukiza. Zikapitirira, kompyuta imadzizimitsa kuti isapse. Sikuti yafa ayi, ikudziteteza.

Zizindikiro zake n'zosavuta: fani ikulira kwambiri, kunsi kwa laputopu kukuotcha, ndipo nthawi imene imatha isanazime ikunka ichepa chifukwa mwaiyatsanso isanazizire. Yanga ija inatero ndendende. Kuti mutsimikize, pali timapulogalamu taulere monga Core Temp ndi HWMonitor timene timaonetsa madigiri. Pa gemu, 70 kapena 80 si zachilendo. Mukaona 95 kupita m'mwamba, tsekani gemuyo.

Chochita n'chiyani? Choyamba, chotsani laputopu pabedi. Malaputopu ambiri amakokera mpweya kunsi n'kuutulutsira m'mbali kapena kumbuyo, ndiye bulangete limaitseka mphuno. Iikeni pathebulo, ndipo kumbuyo kwake mukwezeko pang'ono ndi mabuku, osatseka timabowo. Chachiwiri ndi fumbi. Izimitseni, zulani chaja, kenako sesani timabowoto ndi kaburashi kofewa kouma. Osapemerera ndi pakamwa, mpweya wathu uli ndi chinyezi. Kutsegula m'kati kusiyireni mwini wake kapena wodziwa kukonza. Achimwene atabwera anatsegula kunsi, ndipo pakati pa fani ndi tizitsulo totulutsira kutentha anapezapo fumbi logwirana ngati thonje. Asanalichotse, gemu yomwe ija inkafikitsa madigiri 97. Atalichotsa, laputopu ili pathebulo, sinapitirire 78. Vairasi munalibe.

Ngati ikuzima koma siikutentha, yang'anani magetsi. Pa machaja ambiri analembapo mavoti ndi mawati ake. Laputopu yofuna chaja cha 65W mukaipatsa cha 45W, ndipo batire yake inatha kale, imatha kuyenda bwinobwino pa Word koma n'kuzima gemu ikafika potentha. Osangobwereka chaja chifukwa choti mutu wake walowa, manambala agwirizane. Kompyuta ya padesiki ndiye ilibe batire n'komwe, moti magetsi akangophethira nayonso yapita. Mukaona babu likuwala mofooka, si nthawi ya gemu. Magetsi akathima, zulani pakhoma, ndipo akabwera dikirani kaye akhazikike.

2. Gemu yokha ikatseka

Apa kompyuta ili moyo ndithu, koma gemu yakutayani pa desktop. Kawirikawiri pamatuluka kabokosi ka uthenga, ndipo ambirife timangodina OK osawerenga. Lekani zimenezo. Kajambuleni ndi foni, chifukwa yankho lili mmenemo.

Uthenga ukatchula fayilo ngati d3dx9_43.dll kuti ikusowa, ndiye kuti gemuyo ikufuna mafayilo a DirectX amene magemu akale amadalira. Ukatchula MSVCP140.dll kapena VCRUNTIME140.dll, ikusowa ndi Visual C++ Redistributable. Zonse ziwirizi n'zaulere kuchokera ku Microsoft, ndipo magemu ambiri amabwera nazo mu foda yolembedwa Redist kapena _CommonRedist. Osakatola fayilo imodzi ya dll pamasamba osadziwika a pa intaneti, kumeneko n'kumene anthu amatengako mavairasi enieni.

Nthawi zina gemuyo inabwera yopereweza. Flash imene ili pa FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB, ndiye wokukoperani akadumpha fayilo imene yakana, gemu imatha kutseguka koma n'kukagwera pakati. Amene munaitenga pa Steam muli ndi mwayi, chifukwa pali batani loti Steam ifufuze mafayilo owonongeka n'kuwabwezeretsa. Tinenenso chilungamo: magemu ambiri oyenda pa ma flash ndi okoperana, osagula, ndipo ena amabwera ndi zoipa m'kati. Wina akakuuzani kuti muzimitse antivirus kuti gemu iyende, kumbukirani kuti kompyutayo muli zinthu za eni. Gemu imeneyo ilekeni.

Chinanso, mwina mukuisenzetsa katundu woposa msinkhu wake. Gemu iliyonse ili ndi zofunika zake. GTA San Andreas, imene inatuluka pa kompyuta mu 2005, imatha kuyenda ndi RAM ya 256MB. GTA V, ya pa kompyuta ya mu 2015, imafuna RAM yosachepera 4GB, Windows ya 64-bit, komanso graphics card ya 1GB, ndipo pamenepo ndi poyambira chabe. RAM ili ngati desiki lanu m'kalasi: likachepa, mabuku amayamba kugwa. Graphics card ndi chipangizo chimene chimajambula zonse zimene mukuona pa sikirini. Kuti mudziwe zimene kompyuta yanu ili nazo, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani dxdiag, kenako Enter.

Gemu ili m'kati, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti mutsegule Task Manager, n'kupita pa Performance. Memory ikakhala pafupi kudzaza, tsekani Chrome ndi zina zonse zimene simukugwiritsa ntchito. Mu gemumo tsitsani resolution ifike 1280 x 720, ndipo zithunzithunzi ndi zokongoletsa zina muziike pa Low. Udzu wa pabwalo suoneka bwino, koma chigoli n'chigoli. Onaninso drive C. Windows imabwereka malo pamenepo RAM ikadzaza, ndiye ngati mwadzazapo mafilimu mpaka mzere wake wafiira, isowa pothawira.

3. Chithunzi chikauma kapena sikirini ikasanduka ya buluu

Osewera aima malo amodzi, mawu akungobwereza kuti trrrr, kapena patuluka sikirini ya buluu yokhala ndi mawu. Pa Windows 11 yatsopano sikiriniyi imatha kukhala yakuda, koma mawu amakhalapo ndithu. Apa woganiziridwa woyamba ndi driver.

Driver ndi kapulogalamu kamene kamamasulira pakati pa Windows ndi chipangizo, ngati womasulira kutchalitchi. Womasulira akasokoneza, mlaliki ndi mpingo samvana. Graphics card ikakhala masekondi awiri osayankha, Windows imayesa kuidzutsanso driver yake. Ikatheka, sikirini imangophethira n'kubwerera. Ikalephera, pamabwera buluu uja, nthawi zambiri ndi mawu akuti VIDEO_TDR_FAILURE. Pansi pake pamatha kulembedwa dzina la fayilo: nvlddmkm.sys ndi ya NVIDIA, atikmpag.sys ndi ya AMD, igdkmd64.sys ndi ya Intel. Mwaona ubwino wojambula uthenga, eti?

Chithunzi chikangouma, musathamangire kukanikiza batani lozimitsira. Yesani kaye kudina Windows, Ctrl, Shift ndi B pamodzi, zimene zimadzutsanso driver ya zithunzi. Zikakana, yesani Ctrl, Alt ndi Delete kuti mutseke gemuyo. Kuzimitsa mokakamiza kukhale komaliza, chifukwa kumatha kuwononga fayilo imene inali yotsegula.

Mankhwala ake ndi kuika driver yoyenera, yochokera patsamba la kampani imene inapanga laputopuyo kapena graphics card yake. Yambani mwaona bandulo yanu, poti zina zimadya ma MB mazanamazana. Koma ngati vuto linayamba mutangoika driver yatsopano, bwererani ku yakale: tsegulani Device Manager, pitani pa Display adapters, kenako Properties, Driver, n'kudina Roll Back Driver.

Buluu akamabwera ndi mawu osiyanasiyana tsiku lililonse, kapena akuti MEMORY_MANAGEMENT, mwina RAM yeniyeniyo ili ndi vuto. Sungani ntchito zanu, dinani Windows ndi R, lembani mdsched.exe. Kompyuta idzizimitsa n'kuyakanso, kenako iyeza RAM yokha. Ikapeza vuto, imeneyo ndi ntchito ya okonza, ndipo kufomata sikungathandize olo pang'ono. Palinso lamulo lakuti sfc /scannow, lolemba mu Command Prompt yotsegulidwa ngati administrator, limene limafufuza ndi kukonza mafayilo a Windows amene awonongeka.

Kompyuta ili ndi kaundula

Monga aphunzitsi amalembera ojomba, Windows nayo imalemba tsiku ndi nthawi imene chinthu chagwa. Dinani Windows ndi R, lembani perfmon /rel. Patuluka tchati cha masiku, ndipo tsiku limene panali vuto pamakhala kachizindikiro kofiira. Mukadinapo muona ngati inagwa ndi gemu, driver, kapena kompyuta yonse. Ine pafoni paja ndinawauza achimwene kuti inazima kawiri kokha. Atatsegula tchatichi anawerenga kanayi, nthawi zake zili pomwepo. Ndinangoyang'ana pansi.

Malamulo atatu oti musaiwale

Loyamba, musanakonze chilichonse, koperani mafayilo ofunika pa flash ina yopanda vairasi, kapena atumizeni pa imelo. Gemu mudzaipezanso, koma lipoti la munthu la chaka chonse simungalilembenso.

Lachiwiri, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ngati mmene timachitira poyesa zinthu mu Physics. Mukasesa fumbi, n'kusintha driver, n'kutsitsa resolution tsiku limodzi, vuto likatha simudziwa chimene chathandiza, ndipo likakula simudziwa chimene mwalakwitsa. Tengani kope lakale, lembani tsiku, gemu yake, mphindi zimene inatha isanagwe, uthenga umene unatuluka, ndi chimene mwasintha. Yambani ndi zaulere: thebulo, kutseka mapulogalamu, kutsitsa zithunzi. Zofuna bandulo kapena ndalama zibwere pambuyo.

Lachitatu, kufomata kukhale kothera. Kumathandiza pamene Windows yawonongeka kwambiri kapena mavairasi akanika kuchoka, koma sikuchotsa fumbi, sikuwonjezera RAM, ndipo sikukonza chaja. Ndikanamvera mkulu uja, lipoti likanapita, ndipo laputopu ikanazimabe pa mphindi 20 zomwe zija.

Lipoti la achimwene linapulumuka, anakapereka pa nthawi yake. Ine chilango changa chinali kuwachapira zovala masabata awiri, ndipo sindinadandaule. Pano akabwera patchuthi amandilola kusewera ola limodzi Loweruka, pathebulo, ndikawaonetsa kaye kuti ntchito ya kusukulu ndamaliza. Amene kompyuta ya kwanu ikuchita zofananazi, mundipeze pa nthawi yopuma ku Fomu 3. Koma musabwere ndi mawu akuti "yangofa basi". Mubwere mutaona mmene yagwera, ndipo ngati panali uthenga, muulembe pakapepala chilembo ndi chilembo.

Mnzanu wa Fomu 3