Kujambula Zikhatho za Papepala pa Nyengo ya Diwali

Chaka chilichonse, m'mwezi wa Okutobala kapena wa Novembala, Ahindu amachita chikondwerero chawo chachikulu chotchedwa Diwali, chimene ambiri amati ndi chikondwerero cha nyale. Tsiku lake limasinthasintha chifukwa amaliwerengera potsata mwezi wa kumwamba, ndipo limagwa usiku umene mwezi uli mumdima. Mu 2022 linali pa 24 Okutobala, pamene mu 2023 linali pa 12 Novembala. Kumpoto kwa India amakumbukira kubwerera kwa Rama kwawo ku Ayodhya atatha zaka 14 m'nkhalango, pamene anthu anamuchingamira ndi tinyale tadothi. Mabanja amasesa ndi kukongoletsa nyumba, amapembedza Lakshmi, mulungu wamkazi wa chuma ndi mwayi, ndipo amayi ndi atsikana ambiri amalemba maluwa m'manja mwawo ndi hina. Zolembazi amazitcha mehndi, ndipo ndi pamenepa tikufuna kutengerapo phunziro la luso la manja la ana a Sitandade 3 kapena 4.

Hina ndi chitsamba chomera m'mayiko otentha, chimene akatswiri a zomera amachitcha Lawsonia inermis. Masamba ake amawayanika, kuwapera, ndi kukanda ufawo ndi madzi a mandimu ndi shuga pang'ono. M'masambamo muli utoto umene umakanirira ku khungu lapamwamba. Phalalo likauma ndi kuyoyoka, pamatsala mtundu wonga wa lalanje, umene umanka nuderapo kwa tsiku limodzi kapena awiri, kenaka nkuzilala pakatha sabata imodzi mpaka zitatu, khungu lakale likamafundulika. M'chikhatho ndi mmene umagwira kwambiri chifukwa khungu la mmenemo ndi lochindikala.

Tsono tinene mosabisa kuti m'kalasi sitipaka hina pa thupi la mwana aliyense. Zifukwa zake ndi ziwiri, ndipo zonse ndi zazikulu. Choyamba, hina wina wogulitsidwa m'timachubu, amene amati ndi wakuda, amamusakaniza ndi mankhwala odetsera tsitsi otchedwa PPD. Mankhwalawa amatha kutulutsa matuza ndi kusiya zipsera zotsata ndendende maluwa amene analembedwawo, ndipo munthu amene amuwenga kamodzi angathe kumawengedwa nawo moyo wake wonse. Chachiwiri, ngakhale hina weniweni ndi woopsa kwa ana aang'ono obadwa ndi vuto la m'magazi lotchedwa G6PD, limene ndi lofala mu Africa muno makamaka mwa anyamata. Mwa ana otere hina angathe kuswa tizigawo tofiira ta m'magazi, mwana nkuyamba chikasu ndi kufooka. Mphunzitsi sangamzindikire mwana wotere pomuyang'ana, ndipo nthawi zambiri makolo akenso sadziwa. Motero dzanja limene tidzalikongoletse ndi la papepala.

Zipangizo zake sizilira ndalama. Mapepala a matumba a simenti opukutidwa bwino kapena makatoni opyapyala ndi abwino koposa mapepala oyera, popeza mtundu wake ukufanana ndi khungu. Utoto tipange ndi katondo wosefa bwino, tisakanize ndi madzi ndi supuni imodzi ya phala la ufa wa chinangwa kuti usayoyoke ukauma. Olemba mehndi amafinya hina kuchokera m'kathumba ka pulasitiki kosongoka, ndipo ana okulirapo angayese njirayi ndi kathumba ka shuga kobooledwa pangodya ndi singano. Komabe kwa ana aang'ono ife timakonda kamtengo ka tsache kapena nthenga ya nkhuku, chifukwa kathumba kamafuna dzanja lozolowera, ndipo kakaphulika phunziro limasanduka phokoso.

Pa phunziro loyamba ana asakhudze utoto. Akhale awiriawiri, wina atambasule dzanja papepala, mnzake alizungulize ndi pensulo, manja onse awiri. Kenaka mphunzitsi alembe pabolodi tizilembo tisanu tokha: kadontho, mzere woongoka, kauta, katsamba, ndi mzere wopota ngati chigoba cha nkhono. Pano mpofunika kudekha, pakuti phunziro lonse lagona pamenepa. Mwana akaona chithunzi cha dzanja la mkwatibwi wa ku India lodzaza maluwa, amati izi nzosatheka, nkutaya pensulo. Koma mukamuonetsa kuti duwa ndi kadontho kozunguliridwa ndi timauta, kuti mpesa ndi mzere wokhota wokhala ndi timasamba uku ndi uku, ndi kuti mchira wa pikoko ndi timauta tosanjikizana, mantha amatha. Ana ayambe ayesa tizilembotu pansi ndi chala, pabwalo, pamene kufufuta nkosavuta. Musadabwe mukadzaona kuti zilembo za m'makope mwawo zayamba kuongoka. Kauta ndi mzere wopota ndi zomwezo zimene zimapanga a, c, e ndi s.

Pa phunziro lachiwiri ndipo atenge utoto. Ayambe ndi chozungulira pakati pa chikhatho nkumafutukula kunka kunja, mzere umodzi pa nthawi imodzi, kuti mkono usafute zimene alemba kale. Nsonga za zala angazipake zonse, monga amachitira amayi ambiri a ku India. Chifanizo chimodzi chimene ana athu amachigwira msanga ndi cha mango, chonga dontho lopinda kumutu, chimene chimapezeka kwambiri m'mehndi ndi pansalu za kumeneko. Ndipo Diwali imafika mango ali lendelende m'mitengo kunja kwa kalasi. Amene athamanga muwapatse ntchito yovutirapo: dzanja lamanzere lifanane ndi lamanja ngati munthu ndi chithunzi chake m'kalirole. Ena adzatengera mizere ya pamphika wa agogo awo kapena ya pansengwa. Asiyeni, mwana wotere wamvetsa phunziro koposa amene wakopera za pabolodi.

Chatsala ndi kalankhulidwe kathu. Ahindu si anthu a m'mabuku chabe: alipo ku Blantyre, ku Limbe ndi ku Lilongwe, ambiri mwa iwo makolo awo anachokera ku Gujarat. Tizinena kuti "Ahindu amakhulupirira kuti," osati mowaseka ndiponso osati mowalalikira, ndipo dzina lowatchula likhale limene iwo eni angakondwe kulimva. Tisauze ana kujambula milungu kapena zizindikiro zopatulika. Maluwa, masamba ndi mbalame nzokwanira, ndipo kholo likadzafunsa mungathe kuliyankha ndi mtima umodzi kuti mwana wake sanapembedze chilichonse. Tisaphunzitsenso kuti hina ndi wa Ahindu okha. Asilamu amapaka pa Eid ndi pa maukwati, ndipo mwina m'kalasi mwanu muli mtsikana amene anaona azakhali ake akupaka. Ngati afuna kufotokoza, mpatseni mpata, koma musamuimiritse mokakamiza kuti ayankhire mtundu wonse.

Zikhatho zikauma, ndipo m'dzuwa la Okutobala sizichedwa, ana azidule ndi kulemba mayina awo kumbuyo. Zipachikeni pa chingwe cha khonje m'kalasi, zonse, ngakhale zodonthezera, motsika kuti eni ake azizifikira.