Mwana Akalakwa, Wolakwiridwa Tisamuiwale

Tiyerekeze kuti ku Bembeke kuli mai wamasiye amene analima munda umodzi wa kachewere, nayembekeza kuti akagulitsa adzapeza ya feteleza ndi ya sukulu ya mwana wake. Usiku wina anyamata awiri a m'mudzi momwemo, wamkulu wa zaka 14, afukula mizere khumi, nakagulitsa pa mseu wa ku Lilongwe. Agwidwa. Pomwepo mudzi wonse uyamba kukamba za anyamatawo: ena ati akwapulidwe, ena ati apite ku polisi, enanso ati ndi ana awa, alekeni. Nanga za mai uja akamba ndani? Phunziro lathu la lero lili pa iyeyu.

Makolo athu sankamuiwala. Pa bwalo la mfumu wodandaula ndiye ankayamba kulankhula, ndipo mwana wolakwa sankaima yekha: atsibweni ake, kapena amalume monga anenera Angoni, ankaima naye, pakuti mlandu wa mwana unali wa mbumba yonse. Chimene ankalipira, kaya nkhuku, kaya mbuzi, chinkalowa m'khola la wolakwiridwa. Ku khoti la boma zinthu ziyenda mwina. Kumeneko mlandu uli pakati pa boma ndi wolakwa. Wobedwayo angokhala mboni, ndipo chindapusa kawirikawiri chipita ku thumba la boma. Mai uja abwerera kwao wataya tsiku ndi ndalama ya ulendo, munda wake uli chifukulire.

Azungu nawonso anadzaona kuperewera kumeneku. M'chaka cha 1974, ku Elmira m'dziko la Canada, anyamata awiri ataledzera anaononga katundu wa anthu 22. Woweruza anavomera kuti ayende khomo ndi khomo, aonane maso ndi maso ndi eni katundu, amve za kuonongekako, nalipire. Ku New Zealand lamulo la 1989 linakhazika misonkhano ya banja la mwana pamodzi ndi wolakwiridwa, potsata mwambo wa anthu a mtundu wa Maori. Agogo athu akadamva zimenezi sakadadabwa konse.

Kwathu kuno, Lamulo la Chisamaliro, Chitetezo ndi Chilungamo cha Ana la 2010 linatsegula njira yomweyo. Ngati mlandu uli waung'ono, ndipo mwana avomera yekha kulakwa kwake osaumirizidwa, apolisi kapena khoti la ana angathe kuupatutsa kuti usazengedwe monga milandu ina. Pamenepo mwana angauzidwe kupepesa, kubweza chimene anatenga, kulipira, kapena kukhala pansi ndi amene anamlakwira pamaso pa mkhalapakati. Kotero si mwana aliyense wolakwa ayenera kutumizidwa ku Mpemba kapena ku Chilwa, kumene boma lisunga ana owasintha khalidwe.

Eklezia aphunzitsa zomwezo chiyambire kale. Chikhululukiro chimene wansembe apereka m'Sakramenti la Kulapa chichotsa tchimo, koma sichichotsa udindo wobweza cha mwini. Buku la Eksodo, mutu 22, lilamula kuti amene ziweto zake zadya m'munda wa mnzake alipire ndi zokolola zabwino koposa za m'munda wake. Zakeyo naye, mu Uthenga wa Luka, mutu 19, analonjeza kubwezera kanayi amene anawanyenga. Aphunzitsi, ana ophunzira za Ukaristia woyamba muziwauza zimenezi momveka.

Tsono pali msampha umene ife Akristu tigwamo msanga, ndipo tiyenera kuutchula. Tifika kwa mai uja asanatsegule pakamwa, niti: "Amai, inu ndinu Mkristu, khululukani." Mau abwino ndithu, koma onenedwa pa nthawi yolakwika, tamlanda ndi mpata womwe wodandaula. Kukhululuka ndi mphatso imene mwini apereka mwaufulu, sitiikoka ngati msonkho. Chifukwa chake mphunzitsi kapena mkulu wa mphakati ayambe wapita kwa maiyo payekha, akhale pa mphasa, amve. Adzapeza kuti chotayika si kachewere yekha: maiyo sagonanso tulo, galu akauwa adzuka, ndipo chimpweteka koposa n'chakuti mmodzi wa anyamatawo ankadya nsima pakhomo pake. Amfunse ngati afuna kuonana nawo. Akakana, asaumirizidwe, kubweza kuchitikebe kudzera mwa ankhoswe. Akavomera, abwere ndi mbale wake womtsamira, ndipo iye ndiye ayambe kulankhula.

Malipiro nawo alingane ndi chotayika, ndiponso ndi msinkhu wa mwana. Atate akangotulutsa ndalama m'thumba, mnyamata saphunzira kanthu. Bwino agwire khasu ndi manja ake m'munda womwe anaononga, ataweruka ku sukulu, masiku owerengeka amene onse apangana, ndipo mphakati usankhe munthu mmodzi wokaona kuti pangano lasungidwa kufikira tsiku lomaliza.

Koma chenjerani. Milandu ina si ya pa mphasa. Mnyamata akagwirira mtsikana, akavulaza munthu kwambiri, kapena akapha, nkhuku ndi mbuzi sizitha mlandu, ngakhale mabanja awiriwo atafuna kubisa manyazi. Wopwetekedwayo mupite naye ku chipatala tsiku lomwelo, ndipo nkhaniyo mukainene ku polisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa.