Monita yaikulu pa ndalama zochepa: igulidwe iti?

FUNSO

Bambo mlangizi, ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Livingstonia, m'boma la Rumphi. Malikisi a ophunzira ndimalemba pa laputopu ya mainchi 14, koma maso atopa nato tizilembo tating'ono, komanso kusunthasuntha tebulo la Excel kuti ndione mayina ndi manambala pamodzi. Ndasunga kandalama koti ndigule monita yaikulu. Mnzanga akuti ndingogula TV ya mainchi 32 ku Mzuzu poti njotchipa komanso njaikulu. Kodi akunena zoona? Ngati ayi, ndiyang'ane chiyani pogula?

Mphunzitsi, Livingstonia

YANKHO

Kukula kwa monita kumayezedwa kuchokera pangodya ya m'munsi kukafika pangodya ya m'mwamba ya mbali inayo, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Ya mainchi 24 imatenga malo pafupifupi masentimita 53 chopingasa, ya mainchi 27 pafupifupi 60, ya mainchi 32 pafupifupi 71. Ndi bwino kuyeza tebulo musanapite kusitolo.

Komabe kukula pakokha sikuthandiza maso. Chithunzi cha pasikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa mapikiselo, ndipo manambala olembedwa pakatoni, monga 1920 x 1080, amanena kuchuluka kwa timadonthoto chopingasa ndi choimirira. Sikirini ikakula timadontho tili tomwetomweto, zilembo zimangofufuma, m'mphepete mwake n'kumaoneka ngati mano a sowo, ndipo mizere ya Excel yooneka nthawi imodzi sichuluka ngakhale pang'ono.

Apa m'pamene malangizo a mnzawo uja akugwera. Ma TV otchipa ambiri a mainchi 32 ali ndi timadontho 1366 x 768 basi, chimodzimodzi ndi malaputopu ambiri otsika mtengo. Pa inchi iliyonse pamakhala timadontho pafupifupi 49. Kuonera mpira munthu ali pampando wa pabalaza zilibe vuto, chifukwa TV anaipangira woonera ali patali. Wogwira ntchito patebulo amakhala pafupi, kutalika kwa mkono umodzi, ndipo pamenepo kadontho kalikonse kamaonekera. Monita ya mainchi 24 ya 1920 x 1080 ili ndi timadontho pafupifupi 92 pa inchi. Ya mainchi 27 ya manambala omwewo imatsikira pa 82, zomwe ena amapirira koma wolemba tsiku lonse amadandaula nazo. Ya mainchi 27 ya 2560 x 1440 imafika pafupifupi 109, ndipo imalola kuika chikalata cha mayeso mbali ino, malikisi mbali inayo, zonse zikuwerengeka bwino.

Galasi lenilenilo lilipo la mitundu ikuluikulu itatu. La TN ndi lotchipa, koma munthu akangopendekera pambali mitundu imasuluka. La VA limaonetsa bwino zakuda, n'chifukwa chake okonda mafilimu amalifuna. La IPS limaoneka mofanana ngakhale aphunzitsi awiri atakhala moyandikana kuunika malikisi, ndipo ndilo loyenera ntchito ya zolembalemba. Zina zimene ogulitsa amakometsera malonda, monga 144Hz, sikirini yopindika ndi timagetsi ta kumbuyo, n'za osewera magemu. Pantchito ya kusukulu 60Hz kapena 75Hz, kutanthauza zithunzi 60 kapena 75 pa sekondi, njokwana.

Chotsatira ndi laputopu yomwe ilipo kale. Pambali pake payenera kuonedwa polowetsa chingwe: HDMI, kapena VGA ya timaboo 15 yomwe imapezeka pa makina akale. Monita yogulidwayo ikhale ndi polowetsa pofanana, ndipo chingwe chikhale pamtengo womwewo, osati chodzagula padera. Ya 4K, ya timadontho 3840 x 2160, ndi yodula, komanso malaputopu akale ambiri akailumikiza pa HDMI amangotumiza zithunzi 30 pa sekondi, kamuvi ka pasikirini n'kumayenda ngati kakutsimphina.

Livingstonia inadziwa magetsi kalekale, m'nthawi ya Dr Robert Laws, pomwe a mishoni anayamba kuwapanga ndi mphamvu ya madzi mu 1905, koma magetsi a lero amazimabe ngati kwina kulikonse m'Malawi. Monita ilibe batire: magetsi akazima laputopu imapitiriza, monita n'kuthima. Zamakono za mainchi 24 mpaka 27 zimadya mawati a pakati pa 20 ndi 35, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa kumbuyo kwake. Amene amadalira sola ndi inveta awerengere mawatiwa asanagule. Chimene chimapsereza zipangizo kawirikawiri ndi mphamvu yobwera mwadzidzidzi magetsi akamayakanso, choncho pa ndalama zomwe zasungidwazo papatulidwe ya TV guard. Kwa mphezi za nthawi ya dzinja pamwamba pa Khondowe, pomwe pali Livingstonia, chitetezo chodalirika n'kuzula pulagi kukhoma.

Mitengo siikhazikika, makamaka chitsitsireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, motero ndi nzeru kufunsa masitolo angapo a ku Mzuzu pafoni kapena pa WhatsApp ulendo usanayambike. Za kaunjika zochokera m'maofesi a kunja, monga za Dell, HP ndi Lenovo, nthawi zambiri zimakhala zolimba kuposa zatsopano za mayina osadziwika, ndipo zambiri zili ndi mwendo wokweza ndi kutsitsa, zomwe zimapulumutsa khosi. Koma ya kaunjika isagulidwe isanayatsidwe. Wogula apite ndi laputopu yake, alumikize, aonetse tsamba loyera lokhalokha, kenaka lakuda, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Kadontho kakufa, mzere woimirira kapena chigamba chachikasu zimaonekera pamenepo. Aisiye iyake kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, chifukwa zina zimayamba kuphethira zikatentha. Lisiti lilembedwe nambala ya monitayo ndi masiku a galanti. Popanda pepala limeneli, ngakhale kukadandaula ku Competition and Fair Trading Commission kumavuta.

Ponyamula, monita iimirire m'katoni yake ndi zotetezera zake, isagonekedwe pansi pa matumba kapena pamiyendo ya anthu m'galimoto yodzaza. Msewu wa Golodi wochokera ku Chitimba, ndi makhota ake pafupifupi 20, sukhululukira galasi lotsamiridwa, ndipo galanti silipira sikirini yosweka panjira.

Kwa mphunzitsi ameneyu, ngati ndalama zili zochepa kwenikweni, yoyenera ndi ya mainchi 24, ya IPS, ya 1920 x 1080, yokhala ndi HDMI. Zikakwana, ya mainchi 27 ya 2560 x 1440 ndiyo yabwino koposa. TV ya mainchi 32 ija ikagulidwa, malo ake ndi pabalaza.