Malo Amaphunzitsa: Ubongo ndi Zizolowezi za Pakhomo

Kabuku ka mabanja a m'boma la Mchinji

Tiyambe ndi nkhuku

Amayi akangotenga lichero n'kukhala pafupi ndi mtondo, nkhuku zimathamangira pomwepo gaga asanagwe. Palibe anaziuza. Zinaphunzira zokha kuti pamenepo pamagwa chakudya. Ubongo wa munthu umaphunziranso chimodzimodzi.

Khungwa la ubongo

Pamwamba pa ubongo pali mnofu wamakwinya wochindikala mamilimita 2 mpaka 4. Madokotala amautcha cortex, mawu a Chilatini otanthauza khungwa. Mbali yake imene ili kuseri kwa mphumi imachita ngati wamalonda wa pamsika wa Kamwendo: chilichonse imachiikira mtengo. Mkati mwa ubongo muli zigawo zosunga malo amene tinafikako ndi mantha amene tinamva. Khungwa limatenga zimenezi n'kugamula kuti, "Pano ndinapeza zokoma," kapena, "Pano ndinalira." Zikachitika kawirikawiri, mtengowo umakhazikika. Mbali ya kumphumiyi imachedwa kukhwima. Imamaliza munthu akamafika zaka pafupifupi 25.

Ana

Mwana wa zaka 5 ubongo wake umakhala utakula kale magawo 9 mwa magawo 10 a wa munthu wamkulu. Akamakwapulidwa nthawi zonse akatsegula kope, amaphunzira kuti kope limabwera ndi chikwapu, ndipo akaliona mtima umathawa. Akamayamikiridwa pamphasa imene amawerengera, mphasayo imamukoka yokha. M'mera mpoyamba.

Akuluakulu

Bambo amene wasiya mowa amatha tsiku lonse kumunda osaukumbuka. Koma akagulitsa mtedza kapena soya ku Mkanda, ndalama zili m'thumba, n'kudutsa pamene ankamwera, kukhosi kumayamba kuuma. Si kulodzedwa. Phunziro lakale silifufutika. Latsopano limangoliphimba, ndipo malo akale amalivundukula.

Zoyenera kuchita

1. Patulani malo amodzi a mwana owerengera. Pamenepo pasamveke kukalipa.
2. Podyera pasakhale pozengera milandu. Mwana wodya ali ndi mantha amadana ndi mbale.
3. Tumizani ana aang'ono kusukulu ya mkombaphala. Phala ndi masewera zimawaphunzitsa kuti sukulu ndi malo abwino.
4. Mukasiya mowa kapena juga, sinthaninso njira yobwerera kunyumba. Tsiku logulitsa mbewu pitani awiri ndi akunyumba kwanu.
5. Achinyamata musangowalalatira. Khungwa la ubongo wawo likadali lanthete, choncho dziwani kumene amacheza.
6. Chilakolako kapena mantha zikakula, onanani ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pitani kuchipatala cha boma ku Mchinji.

Kambiranani pagulu

Kodi pakhomo panu ana amakonda kukhala pati, ndipo amapewa pati? Nanga inu mukamalowa pachipata madzulo, ana amathamangira kwa inu kapena kuseri kwa nkhokwe?