Mlandu Wanga ndi Mizere ya pa Bolodi

Anzanga a m'kalasi la Physics, tonse ticidziwa cithunzi cija ca electric field: kadontho pakati, ndi mizere 8 yoturuka ngati masipoko a njinga. Timauzidwa kuti pamene mizere yathithikana mphamvu ya magetsi ndi yaikuru, ndipo pamene yatalikirana ndi yocepa. Ine ndiri naco mlandu cithunzi cimeneci.

Amene anayamba kujambula mizereyi ndi Michael Faraday wa ku England, mwana wa wosula zitsulo, amene sanaphunzire masamu ambiri. Inamthandiza kulingalira cinthu cosaoneka ndi maso. Koma m'caka ca 1785 Coulomb wa ku France anali atayesa kale mphamvuyo, napeza kuti mtunda ukatalika kawiri, mphamvu itsala gawo limodzi la magawo 4.

Tsono tayesani pa bolodi. Zunguzani mzere pa mtunda wa phazi limodzi kucokera pa kadontho, ndi wina pa mapazi 2. Waciwiriwo ndi wotalika kawiri basi, motero masipoko 8 aja atalikirana kawiri basi. Cithunzi cikuti mphamvu yatsala theka, Coulomb akuti gawo limodzi la magawo 4. Wonama ndani? Ndi bolodi, pakuti liri lathyathyathya. Mphamvu ya charge ipitanso kutsogolo, kumene mwakhala inuko, ndi kuseri kwa khoma. Tabayani singano pa lalanje mbali zonse, zikhale ngati minga ya nungu. Lalanje litakula kawiri m'mimba mwace, khungu lace likula kanayi, ndipo singano zomwezo zigawana malo ocuruka kanayi. Apa masamu agwirizana ndi Coulomb. Koma mnyamata wodalira masipoko pa mayeso adzalemba theka, nadzalephera funsolo. Ndipempha aphunzitsi athu mwaulemu kuti tsiku lina atibweretsere lalanje (tidzalidya phunziro litatha).

Palinso cina. Pakati pa mizere pali poyera, ndipo diso liyesa kuti palibe kanthu, cikhalireco mphamvu iri ponseponse. Wojambula analemba 8 cifukwa ca kucepa kwa nthawi. Akadatha kulemba 80. Ndiponso mzere suli msewu woti kanthu ka charge kayendemo. Ungoloza kumene mphamvu ikukankhira. Mwala woponyedwa cam'mbali dziko liukoka molunjika pansi, koma wokha uyenda mokhota mpaka kukagwa patali.